Juzi ya Dokotala wa Dzuwa

Lolemba, 4 Malichi, 10 koloko m'mawa

Ndakhala pansi kulemba poti wocheza naye palibe. Magetsi adathima dzulo. Chikepe chokwerera ndi kutsikira chafa. Ine pamwamba penipeni pa nyumba yosanjayi ngati khwangwala, mawondo ngati miyendo ya mpando wakale. Masitepe ndawasuzumira, chizungulire, ndabwerera.

Mdzukulu wanga adanditenga kuti azindisamala. Kusamala kwake ndi kumeneku. Amamutcha dokotala, koma sanabayepo munthu jekeseni. Wodwala wake ndi dzuwa. Loweruka adamuitana kuntchito, adatuluka akumanga tsitsi panjira. "Agogo, dzuwa laphulika, zotuluka zake zikubwera kuno. Ndibwera mawa." Mawa lake liti?

Lachiwiri, 5 Malichi

Mpopi fwee, mpweya wokhawokha. Kani madzi amakwera kuno ndi magetsi. Foni yafa. Ndowa imene mdzukulu adanditungira yafika kale pakati.

Ndimaluka juzi yake, ndakumbukira zimene adandifotokozera tsiku lina atagwira ulusi womwewu. Akuti dzuwa lili ndi zingwe zosaoneka, za maginito. Zimapotana, kupotana, mpaka kuduka, nkulumikizana ndi zina zimene sizinali zinzake. Pamenepo ndiye limalavula mpweya wamoto, ulendo wa kuno, kudzasokoneza mawaya a magetsi. Ndidamuuza kuti dzuwa lakolo ndi lamanja lende, silidziwa kukulunga ulusi. Adaseka mpaka misozi. Lero zoseka palibe.

Lachitatu, 6 Malichi

Osasamba. Mapiritsi ndameza ndi timadzi ta m'chivindikiro. Ndagogoda makomo onse a pamwamba pano: zii. Amiyendo yawo adatsika kalekale.

Moyo uli pansi panga basi. Nachikolopa, mayi uja amamenya denga lake ndi mtengo wa chikolopa ndikangokoka mpando. Mwezi watha zochapa zanga zidadonthera zake, iye kukuwa pakhonde: "Inu agogo, kumwambako mwasanduka mitambo?" Ndidamuyankha zambiri, pepala lingapse. Mawu omaliza ndidati asadzaponde pakhomo panga mpaka imfa.

Lero ndamuona akuchokera kunja ndi zigubu ziwiri zodzaza. Kenako khuthuu, kukhuthulira m'beseni. Ndimamva dontho lililonse. Kupempha ameneyo? Bola ndiume ngati chikuni.

Mdzukulu wanga iwe, linakubereka ndi dzuwa limenelo?

Lachisanu, 8 Malichi

Dzulo sindinalembe. Ndowa idauma. Ndinangogona, lilime ngati chikopa, makoma akundiyandikira.

M'mawa uno ndamasula juzi. Yonse, ndi mkono womwe udangotsala pang'ono kutha. Ulusi ndaupota, ndamangako ketulo, ndatsitsa pakhonde. Ketulo ngwe, ngwe pa chitsulo cha khonde la Nachikolopa.

Watuluka. Wayang'ana ketulo, wayang'ana ine. "Mudati ndisadzaponde pakhomo panu. Sindiponda." Wathira madzi mpaka kukamwa.

Ndikukoka, ndikukoka, ulusi thyoo! Ketulo khuu pakhonde pake, madzi onse pasiketi pake. Ndati basi, nkhani yanga yathera pano. Ndakhala pansi osatha nkulira komwe, misozi ichokera kuti?

Kenako ndangoona mtengo wa chikolopa uja tulukiru m'mphepete mwa khonde langa. Kunsonga kwake chingwe choyanikira zovala, chomwe chija tidakanganirana. "Gwirani, agogo, musandigwetserenso mvula." Ndachilumikiza ndi ulusi wanga wotsala. Mfundo yosaoneka bwino, koma yagwira. Ndamwa, ndatsamwa, ndamwanso.

Magetsi sanabwere. Mwana sanabwere. Masitepe ali pomwepo kundidikira.

Kope lonseli ndikuliika m'ketulo, litsike. Mayi apansi, ndikudziwa muwerenga zonse, maso anu ndimawadziwa. Dzina la Nachikolopalo musakwiye nalo, mudaligwirira ntchito. Chonde mupatse bambo akunyumba kwanu akamapita ndi galimoto yawo, akasiye kuntchito kwa mdzukulu wanga, ku nyumba ija ili ndi mbale zikuluzikulu zoyang'ana kumwamba padenga. Akafunse dokotala wa dzuwa. Awerenge yekha, adziwe kuti agogo ake ali moyo, koma za juzi aiwale.

Ndipo ketuloyo mukadzazanso, musamangenso pachingwe. Kwerani nayo. Chitseko ndasiya chotsekula.