Tamiwe Amuika ku Dimba la Sukulu

Kapata, Chipata

Okondedwa achimwene a Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Tamanda, inu ndi alamu. Kaya mwendo wa amayi unaphwa? Ife kuno tadzuka, kungoti ndine wonyansidwa, ndipo nkhani yake ndi ya mwana wanu Tamiwe.

Kusukulu kwawo akweza malikisi okhozera. Kale mwana akapeza 40 pa mayeso a kumapeto kwa teremu ankati wakhoza, tsopano akufuna 60. Ahedi akuti akuluakulu awo anawakalipira kuti sukuluyi ikutsalira pa mayeso a boma a giredi 9. Ine ndinati ndiye kuti awonjezera mabuku ndi nthawi yophunzira. Ndinadzinamiza.

Chimene achita n'kusefa ana ngati ufa. Ofika pa 60 atsala m'kalasi ndi aphunzitsi. Enawo akuti sawalembetsa mayeso chaka chino, kuopa kuti angagwetse dzina la sukulu, ndiye adzabwereze kalasi. Poti alibe chochita, awapatsa dimba la sukulu. Tamiwe anapeza 54.

Iye sanandiuze. Ndinkangoona yunifolomu ikubwera ndi matope, mpaka ndinamukalipira kuti akusewera ngati kamwana. Lachiwiri pochokera kumsika ndinadzera kusukuluko, n'kumupeza atawerama akupalira repu, chitenje chili m'chiuno, anzake akuwerenga mkati. Taganizani, achimwene. Mwana tinamuchotsa m'munda wa thonje kuti agwire cholembera, lero akulimira anthu ovala mataye.

Ndinalowa mu ofesi ndi mtima uli m'mwamba. Ahedi sanandipatse ndi mpando womwe. Anati ulimi nawonso ndi phunziro, ndipo kulembetsa mwana wofooka n'kumuchititsa manyazi. Nditafunsa kumene repuyo amapita akathyoledwa, anayamba kuyang'ana wotchi. Mapeto ake anati:

"Inu ndinu azakhali chabe. Ife tikufuna kholo lenileni."

Ine amene ndimamudzutsa m'mawa uliwonse, ndiye wachabeyo. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mu ofesi imeneyo mawuwa sanafikemo.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani sabata yamawa, kulembetsa mayeso kusanatsekedwe kumapeto kwa mwezi uno. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yopalira, koma udzu suthawa. Abambo ena anabwera n'kuuma khosi, ana awo anabwezedwa m'kalasi tsiku lomwelo. Tamiwe wanenetsa kuti sadzakhala pa desiki imodzi ndi ana a giredi 8 amene iye ankawaphunzitsa masamu, ndipo inu mukumudziwa mwana wanu akanena chinthu. Akapanda kulemba chaka chino, sukulu yake yathera pomwepa.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amayi aang'ono a Magalita ndi ana onse. Amayi musawauze kaye, angayambe kudandaula.

Ndamufunsa Tamiwe ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Wati mubwere ndi beseni lija amasambiramo agogo ake, limene ahedi omwewa anamupatsa chaka chatha pamaso pa makolo chifukwa chokhoza bwino. Malikisi ake anali omwewa. Akuti akufuna akawabwezere.

Ndine mlongo wanu wokudikirani,
Edita