Mababu a Ba Mwale

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo.

Ndinakaona mbande za tsabola kwa Ba Mwale, aneba anga kuno ku Kabwata. Zili m'nyumba, pansi pa mababu aatali oyera osatentha, zonenepa, zobiriwira. Ine kumsika wa Soweto ndinasankha babu lofiira lofunditsa anapiye, poganiza kuti tsabola amangofuna kutentha. Zanga zaonda ngati ulusi, zina zapsa.

Anandiseka: "Ba Mudala, mukuweta nkhuku kapena tsabola? Tengani mbande khumi."

Ndinakana. Munthu woti kugwira khasu ndinamuphunzitsa ndine!

Madzulo ano akazi anga alowa ndi mbandezo m'beseni, akuti Ba Mwale anawapatsira pampanda. Ndazithirira, poti mbande zilibe mlandu. Koma zoti ndikamufunse komwe anagula mababuwo...