Shopu imatseka tikamaliza mayunifomu, koma maso a bambo sadikira

Aphungu,

Ndine telala pa shopu ina yosoka mayunifomu a sukulu. Mwini wake timangowatchula kuti Mayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera siichoka m'khosi mwawo ngakhale akupita kubanki. Ndinafika pamenepa ndisakudziwa ngakhale kulowetsa ulusi pasingano ya makina. Ndiwo anandigwira dzanja, moti lero kolala ya shati ndimaisoka uku ndikucheza.

Mayiwa ali ndi lamulo lawo. Sukulu zikayandikira kutsegulidwa palibe wotenga tchuthi, timasoka mpaka zala kuchita dzanzi. Chipwirikiticho chikatha amatseka shopu masabata awiri, n'kuitana makaniko kudzamasula makina onse ndi kuwathira mafuta. Tonse timakapuma limodzi, malipiro osadulidwa. Amati, "Makina akapuma, manja apumenso. Ndikamva kuti wina akusokera anthu kunyumba, ndikamulanda sizasi." Tchuthi chathu cha pachaka n'chomwecho, ndipo sindinadandaulepo.

Tsono bambo anga ali ndi ng'ala m'maso. Achipatala awapatsa tsiku la opareshoni, ndipo lagwera pakati penipeni pa chipwirikiti. Amayi anatisiya, achimwene ali kutali. Wowaperekeza, kuwaphikira ndi kuwadonthezera mankhwala ndine ndekha. Tikaphonya tsikuli tibwerera kumapeto kwa mzere, chonsecho bambo ayamba kale kupapasa khoma popita kubafa.

Mnzanga wa kuntchito, wosoka mabatani, akuti, "Iwe ungoti msana wagwira. Angakuyeze ndani msana?" Koma mayi amene anandipanga munthu ndiwanamize? Kupempha nako ndikuopa, chifukwa tsiku lina anatiuza kuti, "Ndikalola mmodzi, mawa nonse mukhala ndi azakhali odwala." Kodi bwana ali ndi mphamvu yondisankhira nthawi yopuma? Mutu waima, ndithandizeni.

T.N., wa makina a pawindo

Mchemwali wanga,

Ndiyambe ndi kuwavulira chipewa Mayi Tepi. Makalata ambiri amene ndimalandira ndi odandaula za mabwana otseka ntchito mwadzidzidzi n'kudula malipiro, kapena amene akamva mawu oti tchuthi makutu amangogontha. Anuwa amanena nthawi yotseka kudakali kutali, amalipira, ndipo amakuumirizani kupuma. Otere ndi ochepa.

Funso lanu ndiliyankhe mosapita m'mbali. Malamulo a ntchito amasiyana dziko ndi dziko, koma kawirikawiri bwana amaloledwa kukana tchuthi nthawi ya ntchito yambiri, ngakhalenso kuwerengera masiku otseka ngati tchuthi, bola anene nthawi ilipo. Werengani mgwirizano umene munasaina, ndipo ngati simukumvetsa kafunseni kuofesi yoona za antchito. Komabe musalowe muofesi ya mayiwa mutanyamula malamulo ngati chikwanje. Nkhani yanuyi si ya milandu.

Pitani mawa lomwe, osadikira kuti nsalu zidzaze patebulo. Apezeni paokha, asonyezeni kapepala ka kuchipatala, ndipo nenani zimene mwandiuzazi, mpaka za khoma la kubafa. Musapite ndi misozi yokha, pitani ndi njira. Auzeni kuti makolala ndi matumba mutha kusokeratu sabata ino ndi yamawa. Tchulani mnzanu amene angakhale pamakina anu, mutagwirizana naye kale. Kenako afunseni chinthu ichi: makaniko akabwera shopu itatsekedwa, amamutsegulira ndani? Amakhala naye ndani tsiku lonse, kuyesa makina aliwonse ngati akusoka bwino? Ndikuganiza kuti ndi mayiwa okha, amene amatumiza aliyense kokapuma iwo n'kutsala ndi fungo la mafuta. Apempheni kuti chaka chino mutsale ndinu, masiku amenewo alowe m'malo mwa amene mukhale ndi bambo. Mukatero simunaphwanye lamulo lawo, mwangosinthana nawo mpando. Ndipo amene angadzabwere ndi azakhali odwala adzadziwa kuti mtengo wake ndi kutsala ndi makaniko anzake akupuma.

Mukagwirizana, zilembedwe, ngakhale pafoni. Si kuti mukuwakayikira, koma nthawi ya chipwirikiti munthu amaiwala ndi dzina lake lomwe. Akakana, musapse mtima. Funsani za masiku osalipidwa, ndipo imbirani achimwene anuwo, bambowa ndi awonso.

Za msanazo zisiyeni. Mnzanu wa mabatani amakukondani, koma bodza likaululika iye adzakhala ali phee pampando wake. Inu mudzataya chikhulupiriro cha mayi amene anakuphunzitsani ntchito, ndipo chimenecho sichisokedwanso. Komanso taganizani za tsiku limene adokotala adzachotse bandeji. Nkhope yoyamba imene bambo anu adzaione bwinobwino ndi yanu. Isakhale ya munthu amene akusuzumira pakhomo, kuopa kuti wina wa kuntchito amuona.

Aphungu