Mawu a Adada Ali M'kompyuta

Loweruka, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo tsiku lonse.

Kompyuta ya pakhomo ikukanabe kuyaka. Ndazungulira msika wonse wa Nsungwi kufuna sidi yopanda kanthu, anthu kumandiseka ngati ndafunsa kaseti. Ndakaipeza ku Mchesi kwa mkulu wina wojambulira anthu nyimbo, ndipo wandiikiramo pulogalamu yodzutsira kompyuta ikafa.

Nditalowetsa sidiyo, yayakadi. Ndayesa zongokonza, zakanika. Njira yatsala ndi yofufuta zonse n'kuyambiranso. Koma m'menemo ndi momwe muli mawu a malemu Adada, akuimba sumu ya Chitumbuka ndi Amama pa Khirisimasi yawo yomaliza. Kwina kulikonse kulibe.

Amama anasuzumira, n'kuona kuwala. "Yachira? Mawa tikaweruka kutchalitchi undiikire adada ako."

Ndangoti, "Chabwino, Amama."

Sindinadine chilichonse. Kuizimitsa ndikuopanso, mwina siyakanso. Ndikungolowa n'kutuluka, funso loti ndifufute zonse kapena ayi lili pagalasi la kompyuta pomwepo. Panja Amama akusita malaya a mawa, akuimba sumu ija chapansipansi, ndipo akafika pamene Adada ankalowa ndi besi, akumasiya mpata.