Amayi, Fulumirani Asanafike Agogo a ku Iceland

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Maondo aja anasiya kuwawa? Ine ndimadzitonthoza kuti kumene muliko kulibe zitunda ngati za kwathu ku Tsangano.

Kuno ku Leicester tilipo. Ntchito ndi yomwe ija yosamala okalamba, ndipo msana wayamba kundikumbutsa kuti nanenso ndili pamzere womwewo. Maungu amene ndinadzala kuseri kwa nyumba kuti tizidyako nkhwani anathera m'mimba mwa nkhono. Mwana wanu, achimwene a Laisoni, akadali ku Normanton, mimba ikungokulirakulira. Koma sindinalembere zimenezi. Pali ntchito yoti mundigwirire, ndipo ndi yachangu. Mukazengereza, dzina lanu la Esinati lithera pamwala wa pamanda paja.

Mdzukulu wanu Tadala ndi woyembekezera. Atamuunika m'mimba kuchipatala anati mwanayo ndi wamkazi, ndipo masiku atsala pang'ono. Munachoka asanakwatiwe, ndiye ndiyambire poyambira.

Tsiku lina anabwera ndi mwamuna wamtali wochita kuwerama polowa pakhomo. Dzina lake Einar, injiniya ku Loughborough, kwawo ku Iceland, chilumba chozizira cha kumpoto kwenikweni. Waulemu, wosayankhulayankhula. Ine ndinakumbukira mawu anu aja akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndiponso kuti munthu sukwatiwa ndi nkhope, umakwatiwa ndi mtundu. Ndinaimbira achimwene monga nkhoswe kuti apite akafufuze kwawo kwa mnyamatayo. Anayang'ana pafoni nyengo ya kumeneko, n'kundiuza kuti, "Chemwali, unkhoswe ndinavomera, koma osati wokafera m'firiji."

Safunsa anadya phula. Ndinapita ku layibulale, n'kupempha chilichonse chonena za anthu amenewa. Mayi wa pakauntala anandisenzetsa mabuku a nthano zolembedwa ndi eni dzikolo a masiku ano, zomasuliridwa m'Chingerezi. Ndinati basi, ankhoswe anga ndi amenewa.

Amayi, zimene ndinapezamo sizoona. Buku loyamba, ndisanakhazikike n'komwe pampando, munthu waphedwa kale. Lachiwiri, bambo wina anatuluka kukaona nkhosa, sinowo, chipale chozizira chija chogwa ngati mvula, n'kumukwirira. Atabwera anthu kudzanena uthenga, mkazi wake anangogwedeza mutu n'kupita kukatereka khofi. Popanda kudzigwetsa pansi, popanda oyandikana nawo kudzagona pasiwa, popanda ngakhale mmodzi wofunsa kuti wachita zimenezi ndani. Lachitatu, bambo ndi mwana wake anayenda pagalimoto kuchoka mbali ina ya dziko kukafika ina, mawu amene anayankhulana osadzaza supuni. Ndinkawerengera m'basi popita kuntchito, ndipo tsiku lina ndinapitirira siteji, n'kukazindikira ndili ku Belgrave pakati pa masitolo a golide, shifiti itayamba kale.

Nditamaliza kafukufuku ndinamuitanitsa mnyamatayo, n'kumukhazika pampando. Ndinamufunsa kuti kubanja kwawo aphako anthu angati. Mosaseka n'komwe, ndendende anthu a m'mabuku aja, anati palibe amene akumudziwa. Ndinamufunsa ngati ali ndi nkhosa. Anati amalume ake ali nazo. Ndiye ndinaponya funso lenileni: "Tsiku limodzi Tadala wadwala, nkhosa nayo yadwala. Muyamba kuona ndani?"

Anaganiza. Amayi, munthuyo anaganiza ndithu, mpaka Tadala anachita kumuponda phazi. Pamapeto pake anati, "Tadala. Nkhosazo ndi za amalume."

Tadala anandikwiyira, osandiyankha foni mpaka Lamulungu linalo. Koma chimene chinandigonjetsa ndi mutu wa mbuzi umene ndinaphika dala kuti ndimuyese. Anaudya wonse, ndi maso omwe, n'kunena kuti kwawo amadya wa nkhosa, ndi mbatatesi pambali. Ndinati munthu wodya mutu ndi mbatatesi ndi wa ku Tsangano ameneyu, anangosochera pobadwa. Ukwati unachitika, ndipo achimwene anavina mpaka thalauzi kung'ambika.

Mabuku aja sindinawasiye. Amakoka, Amayi, ngati mtedza wokazinga. Ndipo m'buku lina mwezi wathawu ndi mmene ndinapeza nkhani yandilembetsa kalatayi. Mtsikana woyembekezera analota azakhali ake omwalira atalowa m'chipinda, n'kukhala pabedi, n'kupempha malo ogona. Kutacha, banja lonse linadziwa tanthauzo lake: malemuwo abwera kudzapempha kuti mwanayo atchedwe dzina lawo. Ndipo akapempha choncho sakanizidwa.

Ndinamufunsa mkamwini wanga ngati ndi zoona kapena ndi bodza la olemba mabuku. Anati ndi mwambo wakale, ena amautsatirabe. Kenako, mosatekeseka n'komwe, anawonjezera kuti mayi ake amaimba foni Lamulungu lililonse kufunsa Tadala ngati sanalote gogo wamfupi wovala juzi ya ubweya wa nkhosa. Gogo ameneyo ndi malemu mayi awo a asewere angawo, dzina lawo Thorgerdur. Ndayeserera kulitchula posamba, m'basi, ngakhale popemphera, lilime likukana. Tangoganizani ine pakhomo la tchalitchi ndikuitana mdzukulu wanga, anthu n'kumathamanga ndi madzi poganiza kuti ndatsamwa.

Ndinamuuza Tadala kuti kwathu dzina amapereka ndi akuluakulu, ndipo wamkulu ndine, mwanayo ndi Esinati, nkhani yatha. Anandiyankha kuti iye ndi mwamuna wake anagwirizana kale, pofuna kupewa nkhondo, kuti mayi aliyense wamoyo asalowererepo. Malemu amene amubwerere kutulo ndiye watenga dzina. Akapanda kubwera aliyense asankha pa intaneti, ndipo ndawamva kale akutchula lina lomveka ngati dzina la sopo.

Asewere anga sakugona. Anatumiza chithunzi cha malemu awo, cha m'felemu, ndi juzi yoluka okha. Inenso sindine mwana. Ndinakulitsa chithunzi chanu chija cha pa ubatizo wa Tadala, n'kukachipachika kwa Tadala moyang'anizana ndi bedi lake, pamwamba pa cha anzanuwo. Chitenje chanu cha Mvano ndinachilowetsa m'pilo. Popeza munkati mimba yokhuta ndiyo imaitana maloto, Loweruka lililonse ndimakwera sitima ndi poto wa nyemba. Mpaka pano chimene walota Tadala n'chakuti sitima ya ku Nottingham yamusiya.

Satana anandinong'oneza kuti ndingonama kuti ndalota ndine, poti mkamwini akuti nthawi zina maloto a wachibale amawerengedwa. Koma ndikukudziwani, mukhoza kundibwerera ndi chikoti. Komanso kwa ine mumabwera kale, sindikana, kungoti nkhani yake imakhala imodzimodzi, ya poto wanu uja anabwereka anaChisale osabweza. Ulendo wonsewo, Amayi, kudzera pamwamba pa nyanja, chifukwa cha poto wobooka.

Loweruka lapitali ndinkamusisita Tadala mapazi, poti atupa. Kenako anandifunsa m'Chingerezi chake chija kuti, "Mami, nanga ngati agogo anabwera kale koma ine sindinawazindikire? Ndinawaona ndili mwana. Nkhope ndimaidziwira pachithunzi basi. Kapena anandiyankhula, ine n'kulephera kuwayankha, iwo n'kubwerera." Anati chimene amakumbukira n'chimodzi chokha: manja anu akusenda mbatatesi yootcha, mukuiuzira kuti izizire, n'kumamutcha kamzungu kanga.

Ndinaimirira n'kupita kukhitchini kukatereka khofi, ine amene sindimwa khofi. Ndili chiimire pamenepo, madzi akuwira, misozi ili chuchuchu, ndinamukumbukira mayi wa m'buku uja amene ndinamunena kuti ndi wouma mtima. Ndinamulakwira. Mwana ameneyu ndinamuberekera kutali ndi inu, ndipo zimandipweteka kuti akukufunani koma sadziwa kuti akuitaneni bwanji.

Ndiye mverani bwino malangizo. Musabwere ku Leicester, pitirirani mpaka ku Loughborough, nyumba ya chitseko chobiriwira kufupi ndi siteshoni. Valani juzi, kukuzizira. Musaime panja n'kumati odi, kuno odi sayankhidwa, mudzaima mpaka kucha. Ingolowani. Yankhulani pang'onopang'ono, Chichewa amamva chonse. Akakuyankhani m'Chingerezi musayambe zija zakuti ana a masiku ano alibe mwambo, ingomwetulirani. Ndipo musadalire nkhope. Tengani mbatatesi yootcha, mukhale pabedi, muisende, muiuzire. Adzakudziwani.

Mukakumana pakhomo ndi gogo wamfupi wa juzi ya ubweya, apatseni moni mwaulemu. Akangogwedeza mutu musakhumudwe, ndi mmene alili, ndawawerenga. Nawonso akufuna chomwe mukufuna inu, ndipo nawonso ali ndi mwana wawo amene amatereka khofi akawasowa. Zikavuta lowani limodzi, mkamwini akuti kwawo mwana amatha kusenza mayina awiri. Koma inu mukhale patsogolo. Zigongono zimene munkakwerera nazo basi pa Tsangano tsiku la msika sindikhulupirira kuti munazisiya m'bokosi.

Ine lonjezo langa ndi ili. Kaya mubwera kaya simubwera, kaya papepala alemba dzina la sopo, mwanayo ndidzamubereka kumbuyo ndi chitenje chanu, ndipo ndidzamuyankhula Chichewa mpaka adzandiyankhe. Akadzayamba kuyenda ndidzabwera naye kumanda kwanu, adzatchule yekha dzina lili pamwalapo. Koma ndikadakonda, Amayi, kuti polipenya adzati ndi langa.

Ndakusowani kwambiri. Nyamukani lero lomwe, ndipo chonde, mukafika kwa mwanayo, nkhani ya poto isiyeni kaye.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felista