Thabwa la m'kanyumba kolapira

Lolemba, 9 Junyu 2025

Tulo sindinatione. Osati chifukwa cha kuzizira, ngakhale kukuzizira zedi. Ndi thabwa. Ndilembe muno, poti kabuku sikaulula.

Sabata yatha a Padiri anandituma kukonza kanyumba kolapira kutchalitchi kwathu. Chiswe chinadya mwendo umodzi. Mwendowo ndinakonza bwinobwino, Mulungu ndi mboni. Koma ndikugogoda kufuna pena podyedwa, chala chinagunda thabwa la m'mbali, kumene kumagwada wolapa. Linalira ngati belu. Mkungudza wakale, wopanda mfundo ndi imodzi yomwe. Tinathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, tinabwerako, denga la tchalitchi kulibe, kanyumbako kali chiimire. Zaka zonsezo thabwalo likungouma, kudikira ine. Ine amene miyezi itatu ndakhala ndikusaka thabwa la pamimba pa gitala ya kwaya. A Domingos, mkulu wa kwaya, akuifuna pa 29, tsiku la Petulo ndi Paulo Oyera.

Ndinalizula. M'malo mwake ndinakhoma bulugamu, n'kupaka utoto wofanana. Bulugamu wauwisi, wocheka dzana lake. Ine Bento, mmisiri wa zaka makumi awiri, ndikudziwa chimene thabwa lauwisi limachita likayamba kuuma. Ndinkadziwa ndikukhoma.

Koma gitalayo si ya Mulungu yemweyo? Thabwa langochoka kumbuyo kwa tchalitchi kupita kutsogolo. Ndadziuza zimenezi kasanu ndi kawiri. Sizikukhazikika.

Lachitatu, 11 Junyu

Ndapinda nthiti za gitala. Paipi yachitsulo pa makala, thabwa lonyowetsa, pang'onopang'ono mpaka chiuno chituluke. Imodzi inati thwa, yachiwiri yamvera.

Mkungudza uja ndaucheka pakati, ndalumikiza, ndapala ndi pulaina mpaka kuwala kwa dzuwa kukuonekera mbali ina. Ndikaugwira pakona n'kugogoda, umalira mpaka m'mano. Kenaka ganizo: thabwa ili lamva machimo a mudzi wonse kuyambira agogo athu. Anganso alimo. Ndinaliika pansi mwaulemu.

Mkazi wanga Felismina analowa kudzatenga makala. Akuti, "Bambo a Zélia, muno mukununkha lubani ngati pa Pasaka. Thabwali mwalitenga kuti?" Ndinati ku Kalomwe, kwa munthu wina wa lole. Tchimo lachiwiri. Loyamba silinazizire n'komwe.

Loweruka, 14 Junyu

Lero ndi kola, guluu womatira matabwa. Zopanira ndilibe zokwanira, ndiye ndakulunga gitala yonse ndi malegeni a chubu cha njinga. Ikuoneka ngati munthu wogwa pa chapa, minibasi yathu ya kuno. Timitanda ta m'kati ndasema bwino. Pokhapo mtima suli ndi mlandu.

Masana ndinadutsa kutchalitchi, ati kukapemphera. Bulugamu wayamba. Mpata wolowa kamtengo ka machesi, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Lamulungu, 15 Junyu

Mapemphero opanda a Padiri. Chiwerengo sindinachimve, maso ali kumbuyo. Mpata tsopano ukulowa chala chaching'ono.

A Teodora, amene amasesa m'tchalitchi, anandigwira pakhomo. "A Bento, mwakonza bwino kanyumba kaja. Kale munali mdima, tsopano mukulowa kuwala ndi kamphepo." Ndinati zikomo. Kodi kulandira chiyamiko chotero ndi tchimo lachitatu? Ndikuganiza kuti inde.

Alengeza kuti a Padiri abwera Loweruka kudzalapitsa anthu chikondwerero chisanafike. Mudzi wonse. M'kanyumba komweko.

Lachitatu, 18 Junyu

Ambuye ayankha. Dzulo m'mawa ndinapaka verenizi, vanishi uja, koyamba. Lero kudzaona, pamimba ponse pa gitala payera mbuu, ngati diso la nkhalamba. Nthiti za mbawa zayera pang'ono, koma mkungudza wokhawo mbee! Ndinagwada pomwepo pa utuchi ndi kolona.

Felismina anandipeza ndili pa chinsinsi chachitatu, ndinamuuza kuti ndi chizindikiro. Anayang'ana gitala, anayang'ana panja. "Chizindikiro chanji? Mwapaka nkhungu ili m'nyumba momwe. Zovala zanga zatha masiku atatu pachingwe osauma, kodi nazonso zachimwa?"

N'zoona, verenizi sagwirizana ndi chinyezi, ndinaphunzitsapo ena zimenezi. Koma Mulungu sangatume nkhungu? Ndakwecha yense ndi lisha, pepala lokwechera matabwa. Ndapakanso masana, dzuwa lili paliwombo. Wawala ngati uchi. Tsono sindikudziwa ngati ndakhululukidwa kapena kwangotentha.

Lachisanu, 20 Junyu

Ndamanga nsambo. Mayo ine, mawu ake! Felismina anasiya kupeta nyemba. Ndiye kuti yakoma.

Koma nsambo yachitatu, ndikapana pa kawaya kachisanu ka pakhosi, imanong'ona. Zzz, zzz, ngati munthu akulankhula pakhutu. Thukuta m'nyengo yozizira ino. Ndinati yayamba kubweza zimene inamva. Ndinatchera khutu, ndivomere, kufuna kudziwa ngati ndi mawu a munthu amene ndikumudziwa. Tchimo lachinayi. Kuyeza ndi rula, kawaya kachisanu ndi chimodzi katukuka. Timawayato ndi masipoko a njinga, sitimvera msanga. Tupa katatu, yakhala chete.

Mpata uja: zala ziwiri. Mawa.

Loweruka, 21 Junyu

Ndilembe mwadongosolo.

Mzere wa anthu kuyambira pakanyumba mpaka pakhomo. Woyamba kulowa atangoti "Mundidalitse," tonse tinamva ngati wailesi. Kanyumbako kasanduka gitala yaikulu, mpata uja ndiye bowo lake. Ndipo a Padiri khutu limodzi n'logontha, amangoti kwezani mawu. Zimene ndinamva sindilemba, si zanga. Kungoti mbuzi ya a Pita imene inasowa pa Khirisimasi tsopano tonse tikudziwa kumene inagona.

Sindikanapirira. Mlandu ndi wanga. Ndinayambitsa nyimbo ya kulapa mokweza kuti iphimbe mawu, anthu n'kulandira. Aliyense akalowa, ife kuimba. Akatuluka, kupuma. Anthu khumi ndi asanu ndi anayi. A Domingos anandinong'oneza kuti sanadziwe kuti ndine wodzipereka chotere.

Kenaka inafika nthawi yanga. Ndinagwada. Ndinadikira nyimbo. Zii. Ndinamva a Teodora panja: "Tiyeni tipumeko, kukhosi kwauma. Awa ndi a Bento, alibe zambiri."

Ndinanena zonse. Mkungudza, bulugamu, lole ya ku Kalomwe, kutchera khutu. "Kwezani mawu, mwana wanga." Ndinakweza. Panja wina anatsamwa ndi kuseka, ndikuganiza ndi a Pita, mtima wawo unali utapepuka kale. A Padiri anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka funso limodzi lokha: "Imalira bwino?" Ndinati kwambiri, a Padiri. Iwo amvekere, chotengedwa chibwerere kwawo, ndikaisiye m'sakristiya dzuwa lisanalowe, Tikuoneni Maria katatu, ndipo nditseke mpatawo ndi thabwa louma.

Ndinakaisiya, yokulunga m'chitenje cha Felismina. Madzulo ndinaona njinga yamoto ikukwera chitunda, a Padiri ataibereka kumsana ngati khanda.

Kunyumba Felismina: "Munthu wa lole uja ali bwanji?" Basi. Ndiwo anandigawira zochepa.

Lolemba, 23 Junyu

A Domingos m'mawamawa, chipewa osavula. "Achimwene, kuba mwaba, talekani, tonse tamva. Koma kubwezako bwanji osadikira pa 30?" Akuti kwaya yaphunzira nyimbo zinayi zodalira gitala, ndipo anauza kale a m'matchalitchi oyandikana kuti chaka chino adzaona. Loweruka ndiye tsiku lomaliza kuyeserera.

Ndatseka mpata. Thabwa louma lenileni, la shelefu ya m'kabati. Mbale ndaziika pansi mosamala. Felismina sanatsegule kabatiyo. Ndimuuza. Mawa.

Lachiwiri, 24 Junyu

Mwana wathu Zélia waimba foni kuchokera ku Ulongwe, kumene akuphunzira. Njira yake ya kusukulu imadutsa kuseri kwa nyumba ya ansembe. Akuti, "Papá, gitala yanu ndaimva. A Padiri akuimba kanyimbo kamodzi komweko chiyambire Lamulungu, ndipo pakati amaphonya pamodzimodzi. Amayi ogulitsa mbatata pampandapo asamuka."

Ndinalimba mtima, ndinawaimbira a Padiri. Moni, moni, kenaka ndinati nkhani ya gitala ija. Iwo mofatsa: "Gitala iti, a Bento? Zimene ndamva m'kanyumba sindizidziwa ndikatuluka. Ndi lamulo la Mpingo, inu munaphunzira katekisimu." Kumbuyo kwawo ndikumva nsambo ikulira, chala chawo chili pomwepo. Akuti ngati ndili ndi nkhani ya m'kanyumba, tikakambe m'kanyumba. Abwera pa 29.

Mudzi wonse ukudziwa. Mbuzi za a Pita zikudziwa. Wosadziwa ndi mmodzi yekha, amene waifungatira.

Felismina watsegula kabati.

Lachitatu, 25 Junyu

Ndadya mbatata yootcha ndekha ku shedi. Ndalemba kalata, ipita ndi chapa ya mawa. Ndikopere muno kuti ndisadzanamizire kuti ndinalemba zina.

"A Padiri olemekezeka, sindikulemba ngati wolapa, ndikulemba ngati mmisiri. Pali chinthu china cha nsambo zisanu ndi imodzi chimene mwina mwachiona m'nyumba mwanu. Tikuoneni Maria ndanena katatu, ndawonjezapo makumi anayi. Mpata ndatseka, ndipo nkhani ya thabwa lotsekeralo ndidzabwera nayo pa 29. Ngati kukhala wopanda chinthucho ndicho chilango changa, nenani, ndipirira, a Domingos ndiwauza aimbe ndi m'manja. Ngati ndi chilango cha anthu a ku Ulongwe, mwana wanga akuti alapa kale."

Mawu omalizawo ndafufuta. Akuonekabe pang'ono. Pepala lina ndilibe.

"Chonde ndiyankheni pofika Lachisanu, kwaya ikumana Loweruka m'mawa. Simuyenera kulemba kanthu kapena kukumbukira kanthu, ingomupatsani wa chapa. Ndipo musaitsamiritse pa mkanjo wanu woyera, verenizi sanaumitsitse."