Pikapu Yanu Inakhala Pansi, Amayi

Amayi, kumene muliko kwacha bwanji? Kuno kwacha, tili moyo, ngakhale mtima wanga sukukhazikika masiku ano. Ndine Edina. Ndikulemba nditakhala pakhonde la kanyumba kanga ka kuseri kaja, kuno ku Area 11, abwana atapita kuntchito, mbale nditatsuka kale. Ntchito yophika ndikadali nayo, musade nkhawa.

Ndiyambe ndi zokoma, paja munkadana ndi munthu wofika pakhomo n'kuyamba ndi madandaulo asanamwe n'madzi omwe. Mlamu wanga Feliya, mkazi wa Lameki wanu, anabereka mwana wamkazi ndipo onse ali bwino. Mphuno ndi yanu ndithu, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya pamphumi monga munkachitira inu munthu akakuyankhani mwano. Dzina tinamupatsa lanu, ndiye Lameki amachita manyazi kulitchula, amangoti "amayi adzuka," "amayi anyowetsa thewera." Kumudzi chimanga chinachita bwino, koma mtedza wambiri unali wopanda kanthu m'kati chifukwa mvula inadula msanga. Mbuzi yanu yamawanga ija ili ndi ana awiri. Denga la khitchini linagwa mbali imodzi, tinangolichirikiza ndi mtengo podikira udzu.

Nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya pikapu yanu, ija munagula mutagulitsa ng'ombe za malemu abambo kuti muzitengera chimanga ndi anyezi kumsika wa ku Old Town, Lameki akuyendetsa. Inu mutapita panalibe wina wa mutu wa malonda ngati wanu. Lameki anawotcherera chitsulo chokokera kumbuyo n'kuyamba kukoka magalimoto ofera pamsewu kupita nawo kumagalaja. Ndikudziwa kuti muli moyo munamukaniza. Munati, "Galimoto yanga ndi yonyamula chakudya, si yoguza mitembo ya magalimoto." Iye amati mimba ya Feliya sinamupatse mpata wosankha.

Mukumbukira kuti ulendo wanu womaliza wopita kumudzi munayenda m'pikapu momwemo, amayi a kumpingo atakhala mozungulira bokosi akuimba. Titafika anthu onse anatsika, inunso tinakutsitsani, koma kumbuyo kwa galimoto sikunadzuke. Kuyambira tsiku limenelo inangokhala chokhalira, mphuno m'mwamba, kumbuyo pansi, ngakhale mulibe kanthu. Nyali zake zinkawalitsa m'mitengo m'malo mwa msewu. Pamahampu a ku Area 3 chitsulo chokokera chija chinkakhula pansi mpaka alonda a m'mageti kusuzumira. Akamangirira galimoto ina kumbuyo ndiye zinkanyanya, Lameki ankati chiwongolero chimapepuka ngati matayala akutsogolo sakugunda pansi.

Ang'ono anu, a Nachisale, atabwera kudzaona khanda anaizungulira galimotoyo, osaikhudza. Kenako anandikokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Edina, akulu anga sanatsike m'galimotomu. Akhala pomwe tinawagoneka paja. Anakana kuti isamakoke zakufa, inu simunamve. Amene alowe pansi pake asanakapepese kumanda, satulukamo."

Ine mumandidziwa, Amayi, kutchalitchi sindijomba, ndipo pamaso pawo ndinaseka. Koma kuchokera tsiku limenelo, Lameki akaima pageti kudzandipatsa moni, maso anga ankathamangira kumbuyo kwa galimoto, pamene panali bokosi. Akandipatsa lifiti sindinkayerekeza kucheuka njira yonse. Ndinkaopa inu, mayi anga ondibereka, amene ndinakusambitsani ndi manja angawa mukudwala. Zimenezi zinkandipweteka kuposa mantha enieniwo.

Ndiye Lameki anabwera ndi nkhani yoti akufuna kukonza kumbuyoko, n'kuikwezako pang'ono kuti izidutsa bwino m'misewu yokumbika. Anati vuto ndi masipuling'i, zitsulo zazitali zosanjikizana zija zimene zimanyamula galimoto pamwamba pa matayala akumbuyo. Nditamuuza mawu a amayi aang'ono anaseka mpaka kugwira bondo.

"Achemwali," anatero, "amayi anali ochepa thupi ngati mwana wasukulu. Iwowo angakhazike pansi galimoto yonseyi? Zitsulo zatopa basi."

Ndinamuchonderera kuti ngakhale zili choncho, tiyambe tapita kumudzi akapepese, palibe chimene ataye. Pamenepo kuseka kunatha. Anati, "Kupepesa ndiye kuti ndisiye kukoka. Ndikapepese lero, mawa ndimangirirenso galimoto ya munthu? Kuwanamiza ali moyo ndinkalephera, ndiye ndikawanamize kumanda?" Liuma limeneli mukudziwa kumene analitenga.

Loweruka m'mawa ndinapempha kwa adona kuti ndichokepo, ndinakwera minibasi mpaka ku Old Town. Sindikudziwa chimene ndinkaganiza kuti ndikachita, ine wosadziwa n'sipanala yomwe, koma kukhala kukhitchini n'kumasenda mbatata mlongo wanga ali pansi pa galimoto imeneyo sindikanatha. Ndi mlongo mmodzi yekhayo amene munandisiyira. Ana anga akadzafuna ankhoswe, malume wawo ndi yemweyo.

Lameki galimotoyo anaiimika ku Malangalanga, kuseri kwa mashopu a zipangizo za magalimoto, kwa a Kamwendo, bambo wachikulire amene ntchito yake ndi ya masipuling'i okhaokha. Pansi ponse ndi pakuda ndi oyilo, phokoso la mahamala lili mbali zonse. Anaikweza ndi jeke, n'kugulula matayala onse akumbuyo, kenako anasanjika malimu akale, zitsulo zija zovekapo matayala, pansi pa galimoto mbali zonse ziwiri kuti ikatsetsereka ifikire pamenepo. A Kamwendo anafuna kulowa okha, koma Lameki anakana, ati bawuti imene sanaigwire yekha saikhulupirira akamatsika mtunda ndi katundu wa eni kumbuyo. Anayala katoni pansi, nalowa chagada. Kunja kunangotsala miyendo, ndi nsapato zija zong'ambika kuchala.

Ine ndinakhala pa chitini cha penti, maso pa nsapatozo. Ndinkayesa kupemphera koma mawu ankasokonekera, ndinkayamba ndi Mulungu n'kupezeka ndikulankhula ndi inu. Mabawuti ena anamasuka mosavuta. Imodzi ya kumanzere inali itagwirana ndi dzimbiri, ndiye analowetsa paipi kusipanala kuti mphamvu ichuluke, n'kuponda chitsulo cha galimoto ndi phazi, n'kukoka. Ndinaona galimoto ikugwedezeka pang'ono. Anakokanso. Jeke inapendekeka n'kuthawira pambali, galimoto yonse n'kugwa ndi chiphokoso, fumbi kuti kobo.

Amayi, zimene ndinachita ndikuuzani ndekha, ngakhale mwina munamva. Ndinaimirira pakati pa amuna onse aja n'kukuwa kuti, "Amayi, musiyeni! Ali ndi khanda!" Mahamala onse anasiya kulira. Miyendo ija sinagwedezeke, ndipo kanthawi kameneko sindikufuna kudzakaonanso pa moyo wanga. Kenako nsapato imodzi inasuntha, mawu n'kumveka pansipo akuti, "Achemwali, mukundichititsa manyazi."

Galimoto inali itafikira pa malimu aja. Pakati pa chifuwa chake ndi chitsulo panatsala mpata woti n'kulowetsa dzanja lokha. Anamukoka miyendo, anatuluka atasupuka paphewa, nkhope ili mbuu ndi fumbi. Ankayesa kuseka, koma madzi amene anamupatsa theka linatayikira pamalaya. Ine ndinangokhala pansi pa oyilo pomwepo ndi chitenje changa cha kutchalitchi. A Kamwendo anamukalipira ngati mwana wawo chifukwa chopondera galimoto ili pajeke, ndipo ulendo wachiwiri anaikhazika pa zitsa zikuluzikulu asanalole munthu kuyandikira.

Atatsitsa masipuling'i n'kuwamasula, chitsulo chimodzi cha kumanzere chinagwa pawiri. A Kamwendo anachitola, nachiyang'ana pothyokapo, n'kundipatsa ine, poti anali atamva kukuwa kwanga. "Mayi, taonani apa," anatero. "Chitsulo chongothyoka kumene chimawala. Ichi chada ndi dzimbiri, m'mphepete mwake mwachita kusalala. Chinathyoka kalekale, anzakewa ndi amene ankachinyamula mpaka nawonso atopa. Kodi galimoto imeneyi inkanyamula chiyani?"

Ine ndi Lameki tinayang'anana. Ndani angaiwale inu mutaima pamsewu kumudzi, manja m'chiuno, matumba atafika kale pamwamba pa denga, inu mukuti, "Onjeza limodzi, Lameki, chitsulo sichimva kuwawa." Ndipo likakwera limenelo munkapezanso dengu la tomato loti likhale pamwamba. Lameki anayamba kuseka, ine ndinayamba kulira, kenako tinasinthana. Ndiye kuti munaikhazika pansi ndinu ndithu, Amayi, koma munachita muli moyo, ndi anyezi.

Ntchito yotsalayo ndinaionerera mtima uli m'malo pang'ono. Zitsulo zimene zinali zitawongoka a Kamwendo ankazigoneka pa chidutswa cha njanji n'kumazimenya ndi hamala yaikulu, pang'onopang'ono kuyambira pakati, mpaka zitapindikanso ngati uta. Chothyoka chija anasintha, ndipo anawonjezera chitsulo chimodzi chokhuthala mbali iliyonse kuti izipirira kulemera kwa galimoto yokokedwa. Anaika mabawuti atsopano aatali, mashoko ochepetsa kudumpha enanso, ndi kapaipi ka mabuleki kotalikirapo, ati galimoto ikakwera kakale kaja kamakokeka ndipo kangaduke pa bampu. Kutsogolo anakwezako pang'ono kuti ifanane. Ataitsitsa inaima mowongoka, kumbuyo kutakwererako ngati zala zitatu. Ndikanakonda mukanaiona, ikuoneka ngati tsiku lija munabwera nayo koyamba anthu akululutira.

Chitsulo chothyokacho ndinapita nacho kwa amayi aang'ono. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera. Anati, "Dzimbiri ndaliona. Nanga jeke anaikankha ndani?" Ndinawauza kuti anaikankha ndi Lameki yemwe ndi phazi lake. Anangoti, "Chabwino," mwa kuyankha kwawo kuja kosonyeza kuti sizili bwino.

Mwina mukuganiza kuti mantha anathera pamenepo. Ayi, Amayi, angosintha malo. Pamene pikapu inali chokhala pansi, Lameki sankapita patali. Ankangokoka timagalimoto ta mabwana tofera ku City Centre kapena ku Area 3, pang'onopang'ono, madzulo ali pakhomo akusewera ndi mwana. Ntchito za kutali ankazikana yekha chifukwa galimoto sikanakwanitsa. Tsopano yadzuka, ndipo mbiri yamveka. Lero wandiuza monyadira kuti mawa akupita kukakoka minibasi imene yafera kumapiri a msewu wa ku Salima, kumene kuli mitsetse ndi makona aja munkatseka maso tikamadutsa. Minibasi ndi yolemera kuposa pikapuyo, ndipo mvula yayamba. Ndamufunsa ngati mabuleki angagwire zinthu ziwiri zonsezo potsika, wati, "Achemwali, mwayambanso."

Ndiye ndakhala ndikuganiza. A Kamwendo ndikuwakhulupirira, dzimbiri ndinaliona ndi maso anga. Koma ngati amayi aang'ono ananena zoona ngakhale pang'ono, ngati munalimodi kumbuyo kuja miyezi yonseyi, ndiye kuti simunkamulanga mwana wanu. Munkamugwira kuti asapite kutali. Ndipo ine ndinakukuwirani pagulu ngati ndinu mfiti, n'kuthandiza kukuchotsani. Mundikhululukire, ndinali ndi mantha.

Pempho langa ndi limodzi. Poyamba ndinkafuna kukulemberani kuti mutsike, mukapume. Tsopano ndikuti musatsike. Kumbuyo kwalimba, simungakuthenso, ndiye bwerani kutsogolo. Mawa m'mawa akamaliza kumangirira minibasi ija, mukakhale pampando wanu wa pawindo, mugwire kachogwirira ka pamwamba pa chitseko monga munkachitira, ndipo akayamba kutsika phirilo mumuuze zija munkamuuza, kuti, "Pang'onopang'ono, Lameki, kumene tikupita sikuthawa." Ine akandimva amaseka. Inu sanayambe wakuyankhani.

Abambo muwapatse moni. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri. Ndikulonjeza kuti sindidzakuthamangitsaninso, ndipo mukandibweretsera mlongo wanga wamoyo mawa, ndidzamugwira dzanja ndekha n'kubwera naye kumene mwagonako, khanda lili kumsana, kuti mudzakambirane nkhani ya galimoto yanuyi pamaso.

Ndine mwana wanu,
Edina